Chikole m'Chiuno mwa Peggy

Chitenje chija Rozaria anachisankha yekha, ngakhale mwambo sulola. Mtsikana sasankha chikole chake, amangolandira chomwe mwamuna wabweretsa n'kuthokoza. Koma Rozaria ndani angamuuze? Tsiku la msika pa Chiringa iye anayenda patsogolo, Tobias akumutsatira chapatali ngati sakudziwana. Atafika pa mayi wina wa ku Mozambiki wogulitsa nsalu, Rozaria anaima pang'ono n'kuloza ndi mlomo. Chinali chitenje chobiriwira cha nkhanga zachikasu, chimodzi chokha pa mulu wonsewo. Tobias anachigula, n'kuchiika m'chikwama chomwe ankasungiramo wezulo ndi mayunifomu a ana.

Chitenjecho chinali ndi tsiku lake. A Eneya, malume ake a Rozaria, eni mbumba, anali atatopa ndi amuna awiri omwe ankazungulira pakhomo pa mlongo wawo. Wina anali Tobiasyu, wophunzitsa ana mpira, mnyamata wa njinga yakapalasa yopanda mabuleki. Winayo anali Goodman, wogula nandolo, wa njinga yamoto yofiira, yemwe anali atatumiza kale anthu kawiri kudzafunsira. A Eneya sanali munthu woopsa ayi, nthabwala zinali pakamwa tsiku lonse. Kungoti akalavula mawu sankawamezanso.

"Ukuti ukufuna wa mpirayo? Chabwino," anatero a Eneya. "Loweruka abwere ndi nkhoswe yake, chikole chili m'manja, ndichione ine ndi maso angawa. Akalephera, ndimvera a Goodman. Ndipo ukumbukire, mwanawe, kwathu kuno mtsikana akasunga nsalu ya mwamuna m'nyumba ndiye kuti wamuvomera. Palibe zoti ndimangocheza."

Rozaria anaseka tsiku limenelo. Akanaopa chiyani, poti chitenje chinali chitagulidwa kale?

Tsono munali m'chaka cha 2001, nyengo yokolola nandolo, pomwe pa Chiringa panafika minibasi ya anthu a kanema ochokera ku Blantyre. Anabwera kudzajambula sewero la ana lotchedwa Ana a Mphezi, nkhani ya timu ya kumudzi imene ikutha, ndi tiana tochemerera timene tikukana kuti ife. Munthu yemwe anabwera naye kuti akhale kochi m'seweromo ana sankamumvera, ngakhale wezulo ankaimba ngati akutsamwa. Mkulu wa sewerolo, a Phillip, atamuona Tobias akukhazika chete ana makumi anayi pongokweza dzanja, anamulemba pomwepo. Rozaria ananyada kwambiri. Chomwe palibe anamuuza n'chakuti kochi wa m'seweroyo ali ndi mkazi.

*

Lachitatu Rozaria anaphika kalongonda ndi chinangwa, naika m'mbale, n'kuyenda ola lathunthu kuti akamudabwitse Tobias ku bwalo la mpira.

Phokoso analimvera patali. Ana anali atadzipaka phulusa kumaso, akuimba zigubu, akukuwa kuti, "Mphezi! Mphezi! Ikang'anima thawa!" Rozaria anadziphatika pakati pa amayi oonerera. Anamuona Tobias atakhala pa benchi, mutu uli m'manja, ngati timu yake yagonja. Ndiyeno kuseri kwa golo kunatulukira mkazi wamtali, woyera, woyenda ngati nthaka ndi ya bambo ake.

Rozaria sanayambe waona nkhope. Anaona nkhanga. Nkhanga zake zachikasu zija zinali zitakulunga m'chiuno mwa mkazi wina, zikugwedezeka uku ndi uku.

"Ameneyo ndiye Peggy," mayi wina anamunong'oneza. "Mkazi wake wa kochi."

Peggy anagwada pafupi ndi Tobias, nagwira nsonga ya chitenje, n'kuyamba kumupukuta thukuta pachipumi.

"Musalire, bambo a m'nyumba," anatero ndi mawu ofewa ngati nthochi yakupsa. "Ana akadali nanu. Inenso ndili nanu."

"Imani! Tibwereze!" anakuwa a Phillip.

Anabwereza. Peggy anatulukiranso, anagwadanso, anapukutanso. A Phillip anati dzuwa lalowa mu kamera, anabwerezanso. Kenaka mbuzi inadutsa. Kenaka mwana wina anaseka. Rozaria ankawerenga, abale inu, ankawerenga ngati wina wamutuma. Kasanu ndi kawiri mkazi uja anamupukuta Tobias ndi chikole chake, ndipo ulendo wachisanu ndi chiwiriwo Tobias anamwetulira.

Atapumira, Tobias anamuona Rozaria ndipo nkhope yake inagwa. Anamukodola kuti apite kuseri kwa sukulu.

"Roza, tandimvera kaye."

"Ndikumva, a Tobias. Makutu ndili nawo. Maso nawonso ndili nawo."

"Si mmene ukuganiziramo. Tsiku lake loyamba Peggy anabwera atavala thalauzi. A Phillip anati mkazi wa kochi wa kumudzi sangaoneke choncho, nafunsa ngati pali amene ali ndi chitenje pafupi. Chikwama changa chinali chotsegula, anachiona okha. Anati tibwereke kwa ola limodzi basi."

"Ola limodzilo lafika masiku angati?"

Tobias anakanda m'mutu. "Asanu ndi limodzi."

"Ayi, zikomo. Ku Blantyre maola ake ndi aatali."

"Roza, za kanema si ngati sewero la kutchalitchi loyambira poyamba mpaka pomaliza. Zomwe tajambula lero ndi zomwe tidzajambule Lachisanu, pa kanema zidzaoneka ngati tsiku limodzi. Ndiye munthu sangalowe m'nyumba atavala chobiriwira n'kutuluka atavala chofiira. Chovala chikalowa mu kanema sichituluka mpaka sewero lithe. Inenso sindimadziwa, ndikanadziwa ndikanakana. Lachisanu madzulo andibwezera, ndichapa, ndisita, Loweruka chili m'manja mwako."

"Mwati muchapa? Ndiye chikole changa ndi kaunjika? Anzanga amalandira nsalu yonunkhira sitolo, ine ndilandire yonunkha thukuta la mkazi wina?"

"Thukutalo ndi langa lomwe."

"Ha! Mukunyadira?" Misozi inali itafika, koma Rozaria anaibweza. "Ndikufuna chitenje changa lero. Pitani mukamuvule."

"Ndikamuvule? Pamaso pa ana?"

"Pomuveka munafunsa ana?"

"Roza, anawa aima padzuwa milungu iwiri. Ena mwa iwo kanema sanamuonepo chibadwire, koma aonekamo. Ndikatenga chitenjecho lero, zonse zomwe ajambula zapita m'madzi. Masiku awiri okha, chonde."

"Ana, ana, ana! Amene amakutchulani bambo a m'nyumba uja ndi mwana?"

Tobias asanayankhe, a Phillip anayamba kumuitana. Anayang'ana Rozaria, nayang'ana ku bwalo, napita ku bwalo. Rozaria anakhuthulira kalongonda yense m'manja mwa ana omwe anali pafupi, n'kubwerera kwawo ndi mbale yopanda kanthu.

*

Nsanje ndi chilonda cha m'kamwa, lilime silileka kuchikhudza. Lachinayi masana Rozaria anabwereranso pa Chiringa. Anadziuza kuti akupita kukaona mnzake Lenia, yemwe ankaphikira anthu a kanema aja ku nyumba ya aphunzitsi komwe ankagona. Zoona zake ankafuna kumufunsa Lenia ngati Tobias amalowa m'nyumbamo.

Lenia sanamupeze. Anapeza Peggy, ali mu thalauzi, akuyanika chitenje chija pa chingwe.

"Mukufuna Lenia? Wapititsa chakudya ku bwalo," anatero Peggy mwansangala. Sankadziwa kuti akulankhula ndi ndani. "Ine lero masana ndilibe gawo, ndiye ndati ndichapeko kachitenjeka. Takaonani kukongola! Ku tauni simungakapeze."

"N'kanu?" anafunsa Rozaria.

"N'ka Tobi."

Tobi! Mayi ake omubereka sanamutchulepo choncho.

"Ndamuuza kuti tikamaliza ndipita nako ku Blantyre, kakhale chikumbutso changa," anapitiriza Peggy.

"Ndiye anati bwanji?"

"Anangoseka. Mwamuna akaseka ndiye kuti wavomera, eti asisi?" Peggy anayasamula, nadziwongola. "Dzuwa la kwanu kuno likundipha. Ndikapume kaye."

Analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Pabwalo panatsala Rozaria, nkhuku ziwiri, ndi nkhanga zachikasu zikudontha madzi.

Ndisamunamizire, sanabwere ndi maganizo akuba. Komanso iye sanaone ngati akuba. Munthu amaba bwanji chake chomwe? Anasankha yekha, Tobias anagulira iye, ndipo mawa lomweli chikwera minibasi n'kupita ku Blantyre m'chiuno mwa mkazi wotchula amuna a eni kuti Tobi. Manja anachita okha. Anachikoka pa chingwe, nachipinda msangamsanga chili chonyowa, n'kuchibisa m'kati mwa chitenje chake chakale. Anatuluka pa mpanda.

Pamsewu, pansi pa mtengo wa mango, panali njinga yamoto yofiira. Goodman anali atatsamira sikelo yake ya nandolo, akutokosa m'mano.

"Rozaria, wathamanga bwanji? Dzuwa lonseli wapansi? Kwera ndikuperekeze."

Tsiku lina lililonse akanakana. Kukwera njinga ya Goodman kunali ngati kulengeza pa msika. Koma kumbuyo kwake kunali chingwe chopanda kanthu, ndipo chitseko chija chikanatseguka nthawi ina iliyonse. Anakwera.

Msewu wopita kwawo umadutsa m'mbali mwa bwalo la mpira. Ana anali pakati pochemerera, Tobias ali chilili ndi wezulo pakamwa. Atamva njinga anatembenuka. Rozaria anaona kuti wamuona, ndipo m'malo moti awerame, anakweza dzanja n'kuligoneka paphewa pa Goodman. Amve naye mmene zimapwetekera! Wezulo inagwa pakamwa pa Tobias, ndipo kumbuyo kunamveka mawu a Phillip akuti abwereze.

Goodman anamutsitsa patali pang'ono ndi mudzi, pa mlatho wa mitengo.

"Zikomo, a Goodman."

"Palibe kanthu." Analiza njinga, kenaka anamuyang'ana pamimba pomwe madzi anali atatulukira pa chitenje chakale. "Koma nsalu yonyowa saisunga yopinda. Imanunkha."

Anamwetulira, napita. Rozaria anatsala ataima pa mlathopo.

Kunyumba anadzitsekera kuchipinda n'kuchitambasula pa mphasa kuti chiume. Pamenepo ndi pomwe anaona kuti pa nsonga imodzi chinang'ambikapo, ndipo wina anasoka ndi ulusi wakuda wokhuthala, uja amasokera mpira. Anaudziwa msokedwewo, unali wa Tobias. Anasoka liti? Chili m'chiuno mwa mwini wake watsopanoyo? Mantha aja anathawa, nsanje inabwerera pamalo pake. Chitauma anachiika pansi penipeni pa sutikesi ya amayi ake, momwe munkakhala nsalu ya patebulo ndi makapu a alendo.

*

Lachisanu chakumasana Lenia anafika pa njinga yobwereka, maso ali ofiira.

"Mnzanga, pa Chiringa pavuta. Chitenje cha Peggy chabedwa pa chingwe. Andifunsa ine mafunso ngati ndine mbava, mpaka anditsegulitsa chikwama. A Phillip akuti akanena kupolisi, ndipo yemwe apezeke nacho akagona komweko."

Rozaria anapitiriza kusenda chinangwa, osadzutsa mutu. "Peggyyo sakuganizira munthu?"

"Akuti panabwera mtsikana wina kudzandifuna, koma nkhope sakuikumbuka. Kwa iye tonse a kumudzi ndi ofanana. Ndipo ondifuna ine patsiku ndi angati?" Lenia anapukuta m'mphuno. "Choseketsa n'choti agula chitenje china chofiira, ndiye magawo onse a mkazi wa kochi akujambulanso kuyambira poyamba. Lero tsiku lonse, ndi mawa m'mawa."

"Onse? Ndi lopukuta thukuta lija?"

"Limenelo ndiye ndasiya akulibwereza kachinayi."

Mpeni unaterereka n'kumucheka Rozaria chala. Anachiika m'kamwa. Kuba konse kuja kunangomuwonjezera Peggy masiku awiri ogwada pamaso pa Tobias.

Lenia anatulutsa kapepala kong'ambidwa mu kope. "Akuti ndikupatse m'manja."

Rozaria anakawerengera kuseri kwa nkhokwe.

*Roza, chitenje chathu chabedwa. Ndalakwa ndine, ndikanakana kuchibwereketsa. Peggy anandipemphadi kuti apite nacho, ndinaseka chifukwa cha manyazi, koma usiku womwewo ndinawauza a Phillip kuti ndi chikole, sichipita kulikonse. Mayi wogulitsa uja wabwerera ku Mozambiki, ndipo china sindikufuna, iwe unasankha chimenecho. Mawa ndibwera ndi achimwene a Jonasi kudzapempha malume kuti andipatse sabata imodzi ndichifunefune. Ndinakuona pa njinga ya Goodman. Sindikufunsa kanthu, koma chakudya sichikulowa. Ndine wako, Tobias.*

Anawerenga katatu, kenaka anakhala pansi n'kulira. Anamva chisoni, anamva manyazi, anadzida. Akanatha kunyamuka nthawi yomweyo, kukagwada pamaso pa Phillip n'kunena kuti ndine. Koma akaganiza za apolisi, za Peggy akumuloza chala, za ana makumi anayi akumuimba nyimbo ya wakuba mpaka kumsika, ankalephera kunyamuka. Paja mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Ndiye anapeza nzeru ina, ndipo kwa iye inaoneka yabwino zedi. Mawa akamudikirira Tobias pa mlatho paja asanafike pakhomo. Akamuuza zonse, akamupepesa, akamupatsa chitenjecho mobisa, ndipo Tobias adzachipereka kwa malume ngati palibe chinachitika. Anthu a kanema adzakhala atapita. Ndani adzadziwe?

*

Loweruka linacha ndi ntchito. Amayi ake, a Aliness, anamudzutsa kuti asese, atunge madzi, apale nkhuku. Azakhali ndi amayi ena a m'mudzi anayamba kufika, aliyense ndi malangizo ake. Nthawi iliyonse Rozaria akati alowe kuchipinda kukatsegula sutikesi, ankapezamo munthu akuvala kapena akuyamwitsa.

A Eneya anakhala pa mpando wawo pansi pa mtengo wa mbawa kuyambira m'mawa, atavala jekete. Pasanapite nthawi kunamveka njinga yamoto.

"Ndimadutsa, malume, ndati ndione ngati kuno kuli nandolo wogulitsa," anatero Goodman, atavala malaya oyera omwe palibe munthu angagulire nandolo.

"Nandolo alipo, khalani," anaseka a Eneya. Ankadziwa bwino nandolo amene akunenedwa.

Dzuwa linafika pamutu, Tobias osaoneka. Linapendeka, osaoneka. Rozaria ankadziwa chomwe chikumuchedwetsa, chinali chitenje chofiira chija. Kawiri konse anayesa kuzemba kuti akaime pa mlatho, kawiri konse azakhali anamubweza kuti mbeta siyendayenda pa tsiku lake.

Anali akutsuka mbale kuseri pomwe anamva a Eneya akuti, "Afika a mpira aja! Bwerani kuno komwe, alendo, tadikira mokwanira."

Rozaria anathamangira pakona pa nyumba, manja ali thovu. Anachedwa. Tobias ndi a Jonasi anali atakhala kale pa mphasa pamaso pa malume, fumbi lili mpaka m'nsidze. Anayesa kumukodola, koma Tobias maso ake anali pa njinga yofiira.

"Mwanawe, bwera ukhale apa," anaitana a Eneya. Rozaria anapita n'kukhala pafupi ndi azakhali.

Atalonjerana, a Jonasi anakonza pakhosi. "Malume, tabwera ndi manyazi. Chikole tinagula, mng'ono wangayu ndi mboni. Chitenje chatsopano. Koma Lachinayi lapitali chinabedwa pa chingwe pa Chiringa. Nkhaniyi ili ponseponse, ngakhale kupolisi yafika. Tikupempha sabata imodzi."

"Chabedwa?" A Eneya anaomba m'manja. "Kuba chikole cha munthu! Dziko lapita kuti? Wakuba wotereyo akanakhala wa m'mbumba mwanga, ine ndemwe ndikanamumanga chingwe n'kumuyendetsa wapansi mpaka kupolisi, dzina langa n'kumuvula. Koma ife a kuno, Mulungu atithandize, njala timagona nayo, za eni sitigwira."

Amayi onse anavomereza. Rozaria anayang'ana nyerere yomwe inkakwera pa chala chake chakuphazi.

"Komabe," anapitiriza a Eneya, "mawu ndinanena. Ndinati Loweruka, chikole m'manja. Tsono inu mwabwera manja ali lende. Ndiziti chiyani ine kwa anthu ena omwe anadikira mwaulemu?"

A Aliness nthawi yonseyi anali m'nyumba, akukonza tebulo la alendo. Za kubedwa sanazimve. Anangomva mawu omaliza a mlongo wawo, akuti manja ali lende, ndipo anatuluka akuseka, atanyamula kanthu kobiriwira.

"Achimwene, mukuvutitsiranji alendo? Chikole chinafika kale, nachi! Ndachipeza pansi pa sutikesi pomwe ndimatenga nsalu ya patebulo. Ana a masiku ano amapatsana mobisa, ife n'kumangodikira ngati zitsiru."

Anachitambasula pamaso pa onse. Nkhanga zachikasu zinawala padzuwa.

Palibe anaseka. A Aliness anayang'ana uyu, nayang'ana uyo, kumwetulira kuja kukuzima pang'onopang'ono. A Jonasi anatsegula pakamwa, Tobias anawagwira bondo.

A Eneya analandira chitenjecho n'kuchiika pamiyendo pawo. Nthabwala zonse zinali zitachoka pankhope.

"Rozaria. Awa akuti chawo chinabedwa. Iwe uli ndi chitenje chatsopano m'nyumba. Wakupatsa ndani?"

Mawu oti Rozaria anene anali atatu okha, ndinatenga ndine malume, koma kumbuyo kwa mawuwo kunali chingwe, msewu wa ku Chiringa, ndi nkhope ya amayi ake.

"Ndine, malume."

Onse anatembenuka. Goodman anali atavula chipewa, atagwada bwinobwino.

"Mundikhululukire podumpha mwambo. Ndinachigula ku Mozambiki, kumeneko zotere n'zambiri. Ndinamupatsa Lachinayi pomwe ndimamuperekeza pa njinga, anthu anationa. Analandira, ndipo mwaona nokha, anasunga."

"Bodza!" linafuula liwu m'mutu mwa Rozaria. Goodman anamuyang'ana mofatsa, ngati munthu amene wakuwolotsa mtsinje ndipo akudikira zikomo.

A Eneya sanali mwana. Anasisita chitenjecho, kenaka anachitambasulira kwa Tobias.

"Inu a mpira, tachionani bwino. Ngati ndi chanu chobedwacho nenani, ndipo ine ndichita zomwe ndanena zija, ngakhale akhale mwana wa mlongo wanga. Ngati si chanu, ndiye kuti mwanayu anasankha kale."

Tobias anachilandira ndi manja awiri. Sanayang'ane nkhanga. Zala zake zinayenda m'mphepete mpaka zinafika pa nsonga ija, pa ulusi wakuda wosokera mpira, ndipo zinaima pomwepo. Rozaria anaona chala chachikulu chikusisita msoko uja kamodzi, kawiri. Kenaka Tobias anadzutsa mutu n'kumuyang'ana, koyamba tsiku limenelo.

Rozaria anamupempha ndi maso, koma iye mwini sankadziwa chomwe akupempha. Anene kuti ndi chake, amuyendetse pa chingwe? Anene kuti si chake, amutaye? M'maso mwa Tobias munali misozi, ndipo Rozaria sanathe kudziwa ngati ndi ya munthu womumvera chisoni kapena ya munthu amene akuonabe dzanja lija paphewa pa Goodman.

Tobias anapinda nsonga yosokedwayo kuti ilowe m'kati, napinda chitenje chonse mosamala monga anachipindira tsiku logula, n'kuchibweza.

"Ayi, malume. Changa sichinali ichi."

"Iwe Tobias!" anatero a Jonasi.

"Tiyeni achimwene, tachedwetsa anthu."

Anaimirira, nawerama mwaulemu, n'kukatenga njinga yake. Sanakwere. Anaikankha pang'onopang'ono kulowera ku mlatho, osacheuka.

A Eneya anapumira m'mwamba ngati munthu amene watula katundu. Anadzuka okha pa mpando, nabwera pomwe panali Rozaria, n'kumuika chitenje chija pamiyendo.

"Unasankha wekha, mwanawe. Vala."

"Malume, dikirani," anatero Rozaria, mawu atabwerera mochedwa. "Malume, chitenjechi ndi..."

Azakhali anali ataika kale dzanja pakamwa. Nthungululu inaphulika, amayi ena anailandira, ndipo mawu ake anamira m'menemo. Manja ambiri anamuimiritsa, namukulunga nkhanga zake zomwe anasankha yekha, n'kumumanga zolimba m'chiuno. Pamwamba pa mapewa awo Rozaria ankaona msana wa Tobias ukuchepa pa njira, mpaka unawoloka mlatho.